Kodi mbiri ya kuno Kum'mawa amaiphunzira kuti?

Mdzukulu wanga amene anamaliza Giredi 12 chaka chatha ananditumizira uthenga pa WhatsApp usiku wina. Anati, "Agogo, anzanga a ku Lusaka amapita kukamvera akatswiri a mbiri yakale, amakaonanso zojambula pamanja ku Henry Tayali Gallery. Nanga ife a ku Chipata tizipita kuti?" Ndinachedwa kumuyankha, chifukwa yankho lalifupi ndi lowawa, ndipo lalitali silikwana pa kafoni.

Lalifupi ndi ili. Nyumba zikuluzikulu za boma zosungiramo zinthu zakale zili ku Livingstone, Lusaka, Ndola, Mbala ndi Choma. Chigawo chathu cha Kum'mawa kwa Zambia chilibe yake yotero. Chimene tili nacho pafupi ndi Nsingo Community Museum ku Feni, yosunga za Angoni. Ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, ulendo wodya tsiku lathunthu m'basi, ndiye palibe amene angapiteko kukangomvera nkhani ya ola limodzi. Mwana akamva zimenezi amaganiza kuti kuno kulibe kophunzirira. Apo ndi pamene amalakwa. Makalasi alipo, koma alibe mabenchi, ndipo aphunzitsi ake sagwirizana. Wofuna kuphunzira ayenera kudziwa kuti mphunzitsi aliyense amanena chiyani, ndipo amabisa chiyani.

Ndiyambe ndi chaka chimodzi chimene mwana aliyense wa sukulu kuno amaloweza pamtima, 1835. Timati ndi chaka chimene Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Koma dzifunseni, anthu amene analibe kalendala, ndani anawalembera chakacho? Palibe. Chimene akuluakulu anasunga m'mutu, n'kumauza ana awo, n'chakuti tsiku lowoloka dzuwa linada masana, mdima unagwa anthu ali pakati pa ulendo. Ameneyu ndi kadamsana, ndipo kadamsana sabwera mwachisawawa. Akatswiri a zakumwamba amatha kuwerengera cham'mbuyo kuti mwezi unatchinga dzuwa tsiku liti, ndipo mthunzi wake unadutsa dziko liti. Olemba ena oyambirira ankanena 1825, koma atawerengera bwino anapeza kuti kadamsana wogwirizana ndi malo owolokerawo ndi wa mu Novembala 1835. Nkhani ya pamoto inapereka chochitika, masamu anapereka tsiku. Payekha aliyense wa awiriwa akanasochera. Mbiri yonse yodalirika ya kuno imapangidwa motere, pokumanitsa mboni zosadziwana.

Tsopano pitani ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale, pa Nc'wala, mwambo wa Angoni. Ambiri timapitako kukaona Inkosi ya Makosi Mpezeni ikulawa zakudya zoyamba za m'munda, ng'ombe yakuda ikubayidwa, ndi magulu a ngoma ochokera kwa Madzimawe, Nzamane, Maguya ndi mafumu ena akupondaponda pansi mpaka nthaka kunjenjemera. Koma amene wapita ndi makutu amamva zambiri kuposa amene wapita ndi kamera. Mverani nyimbo ndi mawu otamanda mfumu. Mudzapeza kuti ena mwa oyimbawo sangathe kukumasulirani liwu ndi liwu, chifukwa ndi Chingoni chakale cha kum'mwera, chapachibale ndi Chizulu. Kunyumba anthu omwewo amayankhula chinenero chotsamira ku Chinsenga. Chifukwa chake chili m'maukwati. Ankhondo aja anakwatira akazi a mitundu imene anaigonjetsa, makamaka Ansenga, ndipo mwana amayamwa chinenero cha amake. Ufumu ndi ziwongo zinatsata bambo, lilime linatsata mayi. Phunziro lalikulu chonchi mulibe m'ndandanda wa zochitika za tsikulo, muyenera kulitola nokha.

Palinso china chimene mwambowu umanena mwa kusowa kwake. Nc'wala inakhala zaka zoposa 80 osachitika poyera, n'kudzayambanso mu 1980. Chinaimitsa ndi nkhondo ya 1898. Mjeremani wina, Carl Wiese, anali atatenga kwa Mpezeni woyamba chikalata chimene azungu anachiwerenga ngati chilolezo cha malo ndi migodi, n'kuchigulitsa ku kampani ya North Charterland. Ankakhulupirira kuti kuno kuli golide wambiri. Pamene mkangano unakula, asilikali a Britain anabwera kuchokera ku Nyasaland ndi mfuti zazikulu mu Januwale 1898. Mikondo ndi zishango sizinalimbe. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo, anagwidwa n'kuwomberedwa, midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Mpezeni anatengedwa ukaidi kwa kanthawi, anabwerera, n'kumwalira mu 1900. Tauni imene inamera pambuyo pake anaitcha Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes, ndipo inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Dzina la Chipata linabwera titalandira ufulu.

Ku Mtenguleni nkhaniyi imanenedwa ngati ya ngwazi zolimbana ndi atsamunda, ndipo ndi zoona. Koma kafunseni gogo wa Chichewa kapena wa Chinsenga za zaka za m'ma 1870 ndi 1880, pamene Angoni ankakhazikika kuno. Adzakuuzani za midzi yozunguliridwa ndi malinga, za anthu othawira m'mapiri ndi m'mapanga, za ana ogwidwa n'kukulira m'midzi ya eni nkhondo. Nazonso ndi zoona. Pa mwambo palibe amene angaimirire kunena zimenezi, ndipo sindikuti aziyambitsa ndewu pa tsiku la chikondwerero, makamaka lero pamene tinakwatirana mpaka magazi kusakanikirana. Ndikungoti mwambo ndi mphunzitsi amene amakonda ana ake, choncho mumvereni, kenako mukamvenso kwa oyandikana naye.

Oyandikana nayewo amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete, Loweruka lomaliza la Ogasiti, pa Kulamba. Mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi, kupereka mphatso ndi kunena za m'madera awo. Kungoona magalimoto a mayiko atatu ataima pamodzi kumakuphunzitsani kuti malire a pa Mwami ndi a pa Chanida ndi ana aang'ono poyerekeza ndi ufumu wa Maravi. Likulu la Undi linali ku Mano, dera limene lero lili m'Mozambique, ndipo mpando unasamukira mbali ino m'zaka za m'ma 1930. Mwambowu nawo unaletsedwa ndi atsamunda, n'kudzadzuka mu 1984. Onani bwino malo amene amakhala Nyangu, mayi wa ufumu. Kwa Achewa mpando umadutsira mwa mkazi, wolowa ufumu ndi mwana wa mlongo osati wobereka wekha. Mwana amene waona Nc'wala mu Febuluwale ndi Kulamba mu Ogasiti waona kale njira ziwiri zosiyana zomangira banja ndi dziko, zimene ophunzira a ku yunivesite amazilembera mayeso. Ku Petauke kuli Tuwimba ya Ansenga a Kalindawalo, ku Mambwe kuli Malaila ya Akunda a Nsefu, ku Lundazi kuli Zengani. Kalendala yake ndi yodzaza kuposa ya koleji.

Pa zaluso, ine ndimati palibe nyumba yoonetsera zinthu imene ingapose bwalo la Gule Wamkulu. UNESCO, bungwe la mayiko loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inauzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, m'dzina la mayiko atatu aja. Koma kalekale UNESCO isanabadwe, gule anali kale nyuzipepala ya mudzi. Mlendo aliyense amene anafika m'dziko muno anapeza chilombo chake. Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya, anatuluka pamene amishoni anafika ndi mayina a m'Baibulo. Kuli chilombo chotchedwa galimoto. Pambali pa zatsopanozi pamayenda zakale, Chadzunda, Njovu, ndi Kasiyamaliro amene amaperekeza womwalira. Chilichonse chili ndi nyimbo yake, kavinidwe kake ndi mwambo umene chikudzudzula kapena kulangiza, ndipo amayi oyimba ndi kuwomba m'manja ndi amene amanyamula theka la tanthauzolo. Woimba mbalule amayankhulana ndi mapazi a chilombo ngati anthu awiri akucheza. Amishoni a Dutch atafika ku Magwero mu 1899 ndi Akatolika ku Kachebere mu 1903, nkhondo ya pakati pa sukulu ndi dambwe inayamba, ndipo mabanja ambiri kuno adakali ndi zipsera zake. Nanga si gule anayankha mwa kuvina adani akewo?

Apa ndi pamene kalasi imeneyi imasiyana ndi ya kusukulu. Ili ndi chitseko. Zapabwalo ndi za aliyense, koma zakudambwe saulula, ndipo amene sanagule njira ali ndi malire ake. Ine sindidutsa malirewo m'nkhani ino. Vuto la masiku ano ndi foni. Mnyamata amajambula zimene sayenera kujambula, n'kuziponya pa Facebook kapena TikTok, ndipo pofika madzulo zaonedwa ndi anthu amene sadziwa n'komwe kuti maliro ake anali a ndani. Ena amati kumeneko n'kusunga chikhalidwe. Ine ndimaona kuti chimene chasungidwa ndi fumbi ndi kudumpha kokha, pamene nyimbo, chifukwa chovinira ndi ulemu zatsala. Wofuna kuphunzira nkhope za gule mwadongosolo angawoloke malire kupita ku Mua m'boma la Dedza, kumene malo a Kungoni, oyambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, amasunga mazanamazana a nkhope ndi matanthauzo ake. Dziwani chabe kuti si Achewa onse amene amakondwa kuziona zitapachikidwa pakhoma.

Mphunzitsi wakale kuposa onsewa ndi mwala. M'mapiri a Chipata, Chadiza ndi Katete muli mapanga olembedwa, monga Thandwe, Kalemba ndi Makwe. Katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumba m'mapanga amenewa ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1976. Pansi pa phanga la Kalemba, dzina limene khutu la Mchewa limamvamo kulemba, anapeza zida za miyala zosonyeza kuti anthu ankakhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Amadziwa bwanji? Dothi la m'phanga limaunjikana ngati mphasa zoyalidwa ina pamwamba pa inzake, zapansi ndiye zakale. Makala a moto amene anthuwo ankasonkha ali ndi mtundu wina wa kaboni umene umachepa pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika, ndiye poyeza wotsalayo amawerengera zaka.

Zolembedwa pamwala zili mitundu iwiri, ndipo ngakhale mwana angazisiyanitse mukamuonetsa kamodzi. Zofiira ndizo zakale: mizere, timagudumu tina m'kati mwa tinzake, zonga makwerero. Zimenezi amati ndi za Akafula kapena Abatwa, alenje ndi otola zipatso amene makolo athu olima anawapeza kuno. Agogo athu ankawatchanso Amwandionerapati, poti ukakumana naye ankafunsa kuti wandionera pati, ndipo wochenjera ankayankha kuti patali, kuti asamunyoze ufupi. Zoyera ndi za pambuyo pake, zopakidwa ndi chala ndi dothi loyera, nthawi zina pamwamba penipeni pa zofiirazo. Zina zimaoneka ngati buluzi kapena chikopa chokhomedwa kuti chiume, ndipo ofufuza amazilumikiza ndi chinamwali, zina ndi zilombo za Nyau. Kutsidya kwa malire, ku Chongoni m'Dedza, kuli malo 127 a zojambula za mtundu womwewu, amene UNESCO inawalemba mu 2006. Zathu ndi zawo ndi banja limodzi, kungoti anzathu anachita changu kulengeza.

Chimene chimandisangalatsa pa zoyerazi n'chakuti ofufuza atasowa tanthauzo m'mabuku, anakalipeza kwa anamkungwi, amayi okalamba a m'midzi amene amaumba tizifanizo ta dothi polangiza anamwali. Profesa anakhala pamphasa, gogo wosadziwa kulemba dzina lake n'kukhala mphunzitsi. Mukafuna kukaona mapangawa, yambani mwaonekera kwa amfumu a dera limenelo, ndipo malowa ali m'manja mwa National Heritage Conservation Commission. Musathire madzi pamwala kuti chithunzi chiwale, musakhudze, ndipo uzani anyamata kuti dzina lawo lolembedwa ndi khala pamwamba pa chojambula cha zaka mazana si ulemerero.

Za kuphunzira luso la manja sindichulutsa mawu, chifukwa njira yake sinasinthe: umakhala pansi pafupi ndi wodziwa. Woluka malichero ndi mphasa, woumba mbiya, wosema mitondo, mayi wozira khoma ndi dothi la mitundu itatu, wolemba zikwangwani za mashopu ku Kapata kuno ku Chipata, onsewa amaphunzitsa amene wadzichepetsa n'kuwagulira nsungwi kapena penti. Ku Mfuwe kuli Tribal Textiles kumene amajambula nsalu pamanja, umboni wakuti luso limeneli limadyetsa banja.

Nanga zolembedwa? Zilipo zambiri kuposa mmene timaganizira, kungoti zili kutali. Mpwitikizi Antonio Gamitto anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 popita kwa Kazembe, Angoni asanafike, ndipo analemba zimene anaona. J. A. Barnes anakhala pakati pa Angoni a Fort Jameson m'zaka za m'ma 1940, Max Marwick pakati pa Achewa. Ku National Archives ku Lusaka kuli mabuku a maboma amene ma DC ankalembamo mayina a mafumu, mibadwo yawo, misonkho ndi milandu. Ndi chuma, koma muwerenge mukukumbukira mmene chinalembedwera. Mzungu ankafunsa kudzera mwa womasulira, kapaso ataima pambali, ndipo woyankha ankadziwa kuti yankho lake lingakweze kapena kugwetsa ufumu wa banja lake. Mzere wa mafumu wolembedwa mu 1920 si mawu a Mulungu, ndi zimene munthu wina anasankha kunena tsiku limenelo. Milandu ina ya ufumu imene ikuvuta lero inabadwira pamasamba omwewo.

Wailesi ndiyo inakhala holo yathu ya misonkhano intaneti isanabwere, ndipo idakali choncho. Breeze FM ndi Radio Maria kuno ku Chipata, Chikaya ku Lundazi, Mphangwe ku Katete, zimafika kumene nyuzipepala siifika, m'chinenero chimene gogo angayimbe foni n'kutsutsa. Gogo Breeze, muulutsi wa pa Breeze FM, ndi miyambi yake ndi maulendo ake a m'midzi, anafika pokopa katswiri wa ku Cambridge, Harri Englund, amene analemba buku lonse za iye mu 2018. Taonani, ife tinkangoti tikumvera wailesi, ena akuona sukulu.

Tsopano za pa intaneti, zimene mdzukulu wanga ankafuna kwenikweni. Covid-19 itafika mu 2020, misonkhano inaletsedwa, ngakhale Kulamba sikunachitike chaka chimenecho, ndipo mayunivesite ndi nyumba zosungira zakale anayamba kuchititsa nkhani zawo pa Zoom ndi YouTube. Chizolowezicho chinatsala. Lero munthu ali ku Chadiza angamvere katswiri akuyankhula ali ku Cape Town kapena London osalipira khomo. Women's History Museum of Zambia, imene Samba Yonga ndi Mulenga Kapwepwe anayambitsa mu 2016, yagwira ntchito yake yambiri pa intaneti pomwepo, kufukula mbiri ya amayi imene mabuku a sukulu anaidumpha. British Library inajambula makalata akale a chipani cha UNIP n'kuwaika poti aliyense awerenge. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa ku International Library of African Music ku South Africa, ndipo zina zimapezeka pa intaneti. Miyambo ikuluikulu nayo imaulutsidwa pompopompo pa TV ndi pa Facebook, moti wa ku Kitwe kapena Johannesburg amaonera Nc'wala ali pampando.

Koma khomo laulere si ulendo waulere. Ola limodzi la Zoom limadya bando ya sabata yathunthu. Ine ndinayesapo kumvera nkhani ina yonena za zojambula za m'mapanga, malaiti anathima pakati, netiweki inatsatira, ndipo pobwerera ndinapeza akuthokozana. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndafunsa ngati adzaisunga kuti tidzaonere pambuyo, ndipo ndimaitsitsa usiku pamene mabando amatsika mtengo. Chachiwiri ndi chinenero. Pafupifupi zonsezi zili m'Chingerezi cha ophunzira, choncho eni nkhani, amene akukambidwawo, ndi amene samva. Njira imene ndaona ikugwira ndi yosavuta: foni imodzi, kasipika, anthu khumi pakhonde la tchalitchi kapena m'kalasi Loweruka masana, ndi mphunzitsi mmodzi woimitsa kanemayo n'kumamasulira. Kumeneko mudzamva mkulu wina akuti, "Iyayi, pamenepo mzunguyo wanama," ndipo kalasi yeniyeni imayambira pomwepo.

Chachitatu ndi mabodza, amene pa intaneti amathamanga kuposa njinga za pa Kapata. Mudzaona chithunzi chokongola cholembedwa kuti uyu ndi Zwangendaba. Mfumuyo inamwalira m'zaka za m'ma 1840 ku Ufipa, m'Tanzania ya lero, kumene kamera inali isanafike. Chithunzicho mwina ndi cha Mzulu wina wa zaka zam'tsogolo, mwina chapangidwa ndi kompyuta dzulo. Mudzaona mndandanda wa mafumu wokhala ndi zaka zenizeni kuyambira m'ma 1400, ngati kuti panali kalaliki pambali. Funso lake ndi lomwe lija la kadamsana: wanena ndani, anamva kwa yani, ndipo pali mboni ina yosadziwana naye imene ikuvomereza? Wolemba amene amakwiya mukamufunsa kumene anazitenga, musiyeni.

Mdzukulu wanga ndinamuuza kuti ayambire pafupi, kwa alongo anga a kumudzi amene adutsa zaka 80, apite ndi shuga ndi sopo, awapemphe kaye asanatsegule chojambulira mawu, ndipo alembe tsiku, malo ndi dzina la mudzi. Anapitadi pa holide. Anabwera ndi maola atatu a nkhani: njala ya 1949, amuna opita ku migodi ya ku Wankie ndi ku Joni wapansi, mmene ankathawira msonkho, mayina a minda imene inalandidwa kukhala mafamu a fodya. Akuti atafika pa za chinamwali, agogowo anayamba kanyimbo, n'kuima pakati, n'kumuyang'ana. Anati, "Iwe ndiwe mwamuna. Zimitsa kafoni kako, ukaitane mlongo wako."